Momwe mungachepetsere mutu waching'alang'ala ndi chakudya cha pakhomo

Mutu waching'alang'ala si mutu wamba. Nthawi zambiri umagunda mbali imodzi, umabwera ndi nseru, ndipo kuwala kapena phokoso la wailesi zimachita kulasa. Ukhoza kukhala maola 4 mpaka 72, ndipo umagwira amayi kuwirikiza katatu kuposa abambo. Chakudya sichichiza matendawa, koma chikhoza kuthandiza kuti asamabwere pafupipafupi.

Choyamba, musamadumphe chakudya. Ambirife timagwa pamenepa. Mayi wogulitsa pa msika wa Kapata ku Chipata amalawirira kukaoda tomato m'mimba mulibe kanthu, nsima n'kudzaiona dzuwa litapendeka. Njala yotereyi imadzutsa mutu. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena mbatata yophika m'mawa n'zokwanira, ndipo m'chikwama musamasowe nthochi kapena nsawa zokazinga.

Chachiwiri, madzi. Kutentha kwa mu Okutobala kuno ku Chipata sikufuna mwano. Yendani ndi botolo, muzimwa ludzu lisanakupezeni. Mkodzo ukachita chikasu kwambiri, dziwani kuti madzi achepa m'thupi.

Kenako gulani kope. Kwa mwezi umodzi kapena iwiri muzilemba zomwe mwadya, nthawi yake, ndi tsiku lomwe mutu wayamba. Zomwe anthu amazidandaula kawirikawiri ndi mowa, makamaka vinyo wofiira, soseji ndi poloni, tchizi, chokoleti ndi zokometsera ndiwo za m'mapaketi. Koma matupi amasiyana: chodwalitsa mlamu wanu mwina inu sichikukhudzani. Musasiye zonse kamodzi, mungafooke pachabe. Chotsani chimodzi kwa milungu ingapo, muone. Khofi ndi tiyi ndiye ovuta, chifukwa kumwa kwambiri kumadzutsa mutu, kusiya mwadzidzidzi nakonso chimodzimodzi. Chepetsani pang'onopang'ono.

Pa ndiwo tili ndi mwayi. Chibwabwa chotendera, bonongwe, nyemba ndi nthanga za maungu zili ndi mchere wa magnesium, womwe umathandiza ena odwala mutuwu. Onjezani kapenta ndi mazira. Ufa wa mgaiwa umaposanso woyera, ngakhale ana amaunyoza.

Mankhwala opha ululu musawasandutse ndiwo. Kumwa Panadol masiku 15 kapena kuposa pa mwezi kukhoza kuyambitsa mutu wina. Ndipo mutu ukabwera mwadzidzidzi ndi mphamvu yachilendo, kapena ndi kutentha thupi, kuuma khosi, kufooka mbali imodzi, kapena muli oyembekezera, siyani za kope, thamangirani ku kiliniki kapena ku Chipata Central Hospital tsiku lomwelo.