Momwe ndimatetezera khungu ku dzuwa la ku Mangochi

Ife oyanika usipa timakhala padzuwa tsiku lonse, ndipo nyanja imabwezanso kuwala kumaso. Mu kuwalako muli cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa UV, chomwe chimaononga DNA (malangizo oyendetsa maselo) ya m'maselo a khungu. Zomera zimathandizako, koma kuchokera mkati mwa thupi, tikazidya.

Yambani ndi chammwamba. Thyolani masamba m'mawa, tsukani, muyanike pamthunzi, osati padzuwa, kuti asachite chikasu. Akauma mpaka kumathetheka m'manja, sinjani, sefani, musunge m'botolo lotseka bwino. Ine ndimathira supuni yaing'ono m'phala la ana nditaliphula kale pamoto. Malambe avikeni m'madzi ozizira, chifukwa kutentha kumaononga vitamini C. Nyengo ya mango idyani okupsa, ndipo tomato muzimukazinga ndi timafuta, chifukwa thupi limatenga bwino lycopene wake (chomwe chimamufiiritsa) akaphikidwa. Zonsezi zili ndi ma antioxidant, omwe amachepetsa ma free radical, tizinthu toononga maselo tobwera ndi cheza chija.

Koma amayi anzanga, musanamizidwe. Zimenezi sizitchinga dzuwa. Aloe vera amangoziziritsa pamene papsa kale. Valani chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali, makamaka kuyambira 10 koloko mpaka 4 koloko. Mwana wachialubino ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri: iyeyo amafunika mafuta oteteza khungu ku dzuwa a mphamvu (SPF) ya 30 kapena kuposa, tsiku lililonse, ndipo kachilonda kosapola kakaonedwe kuchipatala msanga.

Ngati wina akulandira chithandizo cha radiotherapy (chopha maselo a khansa ndi cheza), asamwe mankhwala azitsamba asanafunse dokotala wake.