Mmene bwana angagamulire nkhani zovuta pantchito osadetsa manja

Nkhani zimene zimagwetsa mabwana pantchito zimabwera ndi nkhope zodziwika. Ndi alamu amene akufuna kontirakiti yobweretsa mapepala ndi inki, mwana wa achemwali amene wamaliza sukulu koma angokhala pakhomo, kapena wogulitsa katundu amene watumiza mbuzi pa Khirisimasi. Palibe amene amatchula mawu oti ziphuphu. Onse amati akungopempha thandizo kapena akungothokoza, ndipo kukana kumaoneka ngati kusowa umunthu. N'chifukwa chake mtima wabwino pawokha sukwanira. Pamafunika dongosolo loikidwiratu nkhani isanafike, kuti tsiku limene alamu agogoda, yankho likhale lili kale papepala.

Musanasaine

Nkhani ikakuvutani mumtima, musagamule tsiku lomwelo ngati palibe changozi. Tengani pepala, mulembe zimene mwaona ndi maso anu kumbali ina, zimene mwangomva kumbali inanso. Nthawi zambiri mbali ya zongomva ndiyo imatalika. Kenako lembani amene apindule ndi chigamulocho ndi amene alipire mtengo wake, osaiwala amene sali m'chipindamo: mlonda, wosesa, kasitomala, kampani ina imene inapikisana nawo mwachilungamo. Onaninso zimene lamulo ndi malamulo a pantchito panu akunena.

Funso lomaliza ndi limene limaluma: kodi chifukwa chenicheni cha chigamulochi mungachilembe mufayelo n'kusainira dzina lanu? Ngati mukufunafuna chifukwa china chooneka bwino choti mulembe, ndiye kuti chenichenicho n'chokayikitsa. Ndipo wina akakuuzani kuti "bwana, izi tingokambirana pafoni, osalemba", pamenepo ndiye lembani.

Kugula katundu

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimathawira. Lamulo lake n'lachidule: munthu mmodzi asagwire ntchito yonse kuyambira kumutu mpaka kumchira. Wopempha katundu akhale wina, wosankha wogulitsa wina, wolandira ndi kuwerenga katundu wina, wolipira winanso. Ngati muli ochepa, anthu awiri osiyana asaine pa malipiro alionse, ndipo wachiwiriyo aone katunduyo ndi maso, asamangosaina chifukwa woyamba wasaina.

Nkhani ya Cashgate, ya kubedwa kwa ndalama za boma la Malawi, imene inaphulika mu September 2013 ku Capital Hill, kulikulu la maofesi a boma ku Lilongwe, ikusonyeza zimene zimachitika mipanda imeneyi ikagwa. Makampani ankalipidwa popanda katundu aliyense amene anabweretsa, ndipo malipirowo ankafufutidwa mukompyuta ya IFMIS, imene boma limayendetsera ndalama zake, kuti asaoneke. Akauntanti a kampani ya Baker Tilly atafufuza anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Njira yake inali yosavuta: invoyisi ilipo, katundu palibe, ndipo palibe amene ankayerekeza ziwirizo. Pakampani yaing'ono zimachitika chimodzimodzi ndi matumba 50 a simenti.

Choncho musanalipire, pepala loyitanitsira katundu, pepala lolandirira katundu ndi invoyisi zigwirizane pa kuchuluka ndi mtengo. Makotesheni atatu, mapepala a mitengo ochokera kwa ogulitsa osiyana, ndi abwino, koma samalani: munthu mmodzi amatha kubweretsa onse atatu pa mapepala a makampani atatu. Yang'anani manambala a foni, kalembedwe ndi zolakwika zofanana, ndipo imbani foni nokha ku kampani imodzi mwa zogonjazo. Chenjeraninso ndi oda imodzi yaikulu imene yadulidwa tizidutswa kuti isafike pamlingo wofuna komiti. Mawu achinsinsi olowera mukompyuta asabwerekanidwe, ngakhale mwini wake ali ku maliro. Aliyense alowe ndi dzina lake. Kamodzi pamwezi, munthu amene sakhudza ndalama ayerekeze sitetimenti ya ku banki ndi mabuku anu.

Achibale ndi mphatso

Kukhala ndi m'bale amene akufunsira ntchito kapena kontirakiti si mlandu. Mlandu ndi kubisa ubalewo n'kukhala nawo pagome logamula. Msonkhano uliwonse wolemba anthu ntchito kapena wosankha wogulitsa uyambe ndi funso lakuti ndani ali ndi ubale, ngongole kapena bizinesi ndi ofunsirawo. Amene wavomera atuluke m'chipindamo, ndipo mlembi alembe nthawi imene watuluka. Kungokhala chete pakona sikokwanira, chifukwa anzanu amawerenga nkhope ya bwana. Mafunso ndi magawidwe a malikisi zikonzedwe mayina a ofunsira asanaoneke.

Dongosolo limeneli limakupatsaninso choyankha kumudzi. M'malo mokangana ndi amalume, mumangonena zoona: "Ine sindiloledwa kukhala nawo, alembe kalata ngati wina aliyense."

Pa mphatso, ikani mlingo wa ndalama wodziwika kwa onse ndi buku lolembamo chilichonse cholandiridwa: tsiku, wopereka, chinthucho, ndi kumene chapita. Kalendala ndi cholembera sizivuta. Ndalama, mayunitsi, mafuta a galimoto ndi "ya fanta" ya mu envelopu zibwezedwe, ngakhale zichepe bwanji. Panthawi imene tenda ili mkati, musalandire kanthu kalikonse, ngakhale nkhomaliro. Lamulo la Corrupt Practices Act la 1995, limene linakhazikitsa bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB, limakhudza ogwira ntchito m'makampani omwe si aboma, osati a m'boma okha, ndipo wopereka ndi wolandira onse ali pamlandu.

Ndalama zimene si zanu

Kampani ikapanikizika, chiyeso choyamba chimakhala kugwiritsa ntchito ndalama zodulidwa pa malipiro a antchito, n'kumati tibweza mwezi wamawa. Msonkho wa PAYE, wodulidwa pa malipiro, uyenera kufika ku bungwe lotolera misonkho la MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Pa penshoni, wantchito amadulidwa 5 peresenti ndipo kampani imaonjezera 10 peresenti. Ndalama imene mwadula pa malipiro a munthu ndi yake. Kuigwiritsa ntchito polipira lendi n'kumubwereka osamupempha, ndipo iye amadzazindikira atapuma ntchito, nthawi yokonza itapita. Ngati zinthu zathina, auzeni antchito zoona ndipo mukambirane ndi kampani yosunga penshoniyo.

Polanga wolakwa

Gawo 57 la Employment Act ya 2000 limafuna zinthu ziwiri munthu asanachotsedwe ntchito chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito: chifukwa chomveka, ndi mpata woti adziteteze. Mabwana ambiri amagonja ku Industrial Relations Court, khoti la nkhani za pantchito, pa chachiwirichi, ngakhale wantchitoyo anabadi. Mulembereni mlandu wake momveka, mumpatse masiku okonzekera, aone umboni, abwere ndi mnzake womuperekeza, ndipo womva mlandu asakhale yemwe anadandaula.

Koma chimene antchito amayang'anitsitsa n'chakuti chilango chikufanana kapena ayi. Dalaivala akachotsedwa chifukwa cha malita 20 a dizilo, pamene mkulu wa zamalonda amene anasainira alawansi ya ulendo umene sanapite wangochenjezedwa chifukwa amabweretsa makasitomala, onse aphunzira kuti malamulo ndi a anthu ang'onoang'ono. Zikwangwani za kukhulupirika zimene munapachika pakhoma zimasanduka nthabwala za pa nkhomaliro.

Kuti anthu azilankhula

Wosesa ndi mlonda amadziwa zachinyengo miyezi ingapo odita, wounika mabuku a ndalama, asanafike. Amakhala chete chifukwa anaona zimene zinachitikira amene analankhulapo. Pakhale njira ziwiri kapena zitatu zodandaulira, ndipo imodzi isadutse kwa bwana wa munthuyo, poti nthawi zina vuto ndi bwanayo. Izi n'zofunika kwambiri pa nkhani zofuna chibwenzi mokakamiza pantchito, zimene Gender Equality Act ya 2013 imaletsa. Dandaulo lililonse lilembedwe, wodandaula auzidwe pasanathe sabata kuti lalandiridwa, ndipo dzina lake lidziwike kwa ofufuza okha. Pakatha miyezi itatu, kenako isanu ndi umodzi, onani ngati wasamutsidwa, wachotsedwa pa maulendo kapena walembedwa lipoti loipa mwadzidzidzi, chifukwa kubwezera kumabwera mochedwa ndiponso mwakachetechete.

Onaninso zimene mumafuna kwa anthu anu. Mukawapatsa mlingo wa malonda umene sungatheke n'kunena kuti "sindikufuna kumva zifukwa", mwawatuma kukanama. Wina akabwera kudzaulula kuti walakwitsa, mufunseni kaye mmene zinachitikira musanakweze mawu, apo ayi cholakwa chotsatira mudzachimva kwa odita. Ndipo buku la maulendo a galimoto, malisiti a mafuta ndi mafomu a alawansi a bwana aziunikidwa ndi munthu wina, mwezi ndi mwezi, pa tebulo lomwelo pamene amaunikira a dalaivala.