Mwayamba kudzilemba nokha ntchito ku Zomba? Umu ndi momwe mungalembetsere ku MRA ndi kuyendetsa za msonkho

Zomba ilibe mafakitale ambiri ngati Blantyre, koma ili ndi Yunivesite ya Malawi ku Chirunga, likulu la National Statistical Office, MANEB, komanso mabungwe a kafukufuku omwe amalemba anthu ntchito ya milungu yowerengeka. N'chifukwa chake achinyamata ambiri a ku Matawale, Chinamwali ndi Chikanda amapeza chakudya kudzera mu luso lawo. Wina amamasulira mafunso a kafukufuku m'Chichewa kapena m'Chiyao, wina amajambula zithunzi pa maukwati, wina amakonza mawebusayiti. Anthu otere alibe bwana wowayendetsera za msonkho mwezi ndi mwezi, ndipo ambiri amadzadziwa za MRA tsiku lomwe ndalama yawo yabwera yoperewera.

Zimachitika motere. Mwagwirizana ndi bungwe K500,000, mwagwira ntchito, koma foni ikalira mukupeza kuti kubanki kwalowa K400,000. Mukafunsa, a zachuma akuti, "Tadula withholding tax." Sanakubereni. Lamulo limawakakamiza kudula 20 pa 100 iliyonse pa malipiro a ntchito zoterezi n'kukapereka ku Malawi Revenue Authority (MRA), bungwe lotolera msonkho, pofika pa 14 mwezi wotsatira. Chomwe ambiri sauzidwa n'chakuti K100,000 ija si msonkho womaliza. Ndi ndalama yomwe mwaperekeratu, ndipo idzachotsedwa pa msonkho wanu wa chaka chonse. Ikakhala kuti inapitirira, muli ndi ufulu woitanitsa yotsalayo. Koma ufulu umenewu umagwira ntchito kwa munthu yekhayo amene MRA ikumudziwa. Zimandiwawa kuona wachinyamata akudulidwa chaka chathunthu osatsatira ngakhale tambala, chabe chifukwa palibe anamufotokozera.

Choncho yambani ndi nambala ya msonkho, imene aliyense amaitchula kuti TPIN. Tengani chiphaso chanu cha unzika cha ku NRB, mupite ku ofesi ya MRA ya konkuno ku Zomba kapena mulembetse pa intaneti kudzera pa Msonkho Online, webusayiti ya MRA. Kulembetsaku n'kwaulere, ndiye wina akakuimitsani panja n'kumati akuthamangitsireni mapepala mumupatse kangachepe, mukaneni. Perekani nambala ya foni ndi imelo zanuzanu, osati za mnzanu wa pa internet cafe, chifukwa uthenga wonse wa akaunti yanu uzidzera kumeneko. Fotokozani ntchito yanu momwe ilili. Ngati ndinu womasulira nenani choncho, musalembe kuti mumagulitsa katundu wosiyanasiyana poganiza kuti zikutsegulirani makomo ambiri. Musanatuluke, funsani mitundu ya msonkho imene akulembetsani ndi mwezi umene chaka chanu cha msonkho chikuthera, mulembe m'kope.

Dzina la bizinesi ndi nkhani ina. Limalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi ndi makampani, ndipo masiku ano zimatheka pa intaneti. Munthu mmodzi woyamba kumene safunika kampani ya Limited. Kulembetsa ngati bizinesi ya munthu mmodzi n'kokwanira, ndipo setifiketi yake imathandiza potsegula akaunti yapadera kubanki ndi popikisana nawo pa ntchito za mabungwe. Mukatsegula malo oti makasitomala azibwerapo, kaya ndi kachipinda pafupi ndi msika waukulu, mufunikanso laisensi ya Khonsolo ya Mzinda wa Zomba.

Tsopano pa ntchito yeniyeniyo. Musanavomere mtengo, funsani funso limodzi ili: "Ndalamayi ndi yodula kale msonkho kapena ayi?" Ambiri amachita manyazi kufunsa, kenaka n'kudzadandaula. Mukamaliza ntchito lembani invoisi yokhala ndi dzina lanu, TPIN, tsiku, ntchito yomwe mwagwira ndi mtengo wake. Musaikepo VAT ngati simunalembetse VAT, chifukwa kutolera msonkho umenewu popanda chilolezo ndi mlandu.

Akakulipirani, musachoke opanda setifiketi ya withholding tax. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Pepala limeneli ndi umboni woti ndalama inadulidwa m'dzina lanu. Onetsetsani kuti dzina ndi TPIN zalembedwa molondola, chifukwa nambala imodzi ikaphonyeka ndalama yanu siidzaoneka pa akaunti yanu. Mabungwe ena amazengereza, amati mubwere sabata yamawa, wosayina wapita ku fildi. Pitaninso, imbaninso foni, lembani imelo mwaulemu. Pulojekiti ikatha ofesi zina zimatsekedwa, ogwira ntchito n'kubalalika, ndipo kudzafuna setifiketi pakutha pa chaka kuli ngati kusaka singano yogwera mu Likangala. Mukailandira, ijambuleni pa foni n'kudzitumizira pa imelo, pepala lenilenilo muike mu fayilo ya pulasitiki, poti chinyezi cha kuno nthawi ya dzinja sichichedwa kuononga mapepala.

Msonkho wa munthu wodzilemba yekha ntchito umawerengedwa pa phindu, osati pa ndalama yonse yolowa. Phindu ndi zomwe zatsala mukachotsa zimene mwagwiritsa ntchito kuti mupeze ndalamayo: bandulo ya intaneti, minibasi yopita kukakumana ndi kasitomala ku Limbe, kusindikiza mapepala, lendi ya ofesi. Ndiwo za kunyumba ndi fizi ya mwana sizilowa m'gululi. Zipangizo zokhalitsa monga laputopu kapena kamera zili ndi kawerengedwe kake, ndiye sungani malisiti ake padera. Kope wamba la pa golosale likukwana: tsamba lina zolowa, lina zotuluka. Malisiti a makina amafufutika msanga, ajambuleni tsiku lomwelo. Ndalama zolowa pa Airtel Money kapena Mpamba muzilembenso, pakuti nazonso ndi malipiro.

Pali gawo la ndalama lomwe munthu sadulidwa msonkho, ndipo limasintha ndi bajeti ya boma. Mu 2020 linakwera kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000 pamwezi, mu 2024 linafika pa K150,000. Choncho musadalire nambala zomwe mnzanu anamva zaka zapitazo, onani zomwe MRA yalengeza chaka chimenecho. Gawo limeneli ndi lomwe limachititsa kuti woyamba kumene, amene wapeza ntchito zitatu kapena zinayi pachaka, nthawi zambiri apezeke kuti anadulidwa zambiri kuposa msonkho wake weniweni.

Makasitomala ena sadula kalikonse. Banja lomwe mwalijambula pa chinkhoswe limakupatsani ndalama yonse pamanja, chimodzimodzi kampani ya ku London yomwe mwaigwirira ntchito pa intaneti muli ku Sadzi. Ndalama imeneyo ili ndi msonkho ndithu, chifukwa ntchitoyo yagwiridwira m'Malawi. Njira yolipirira ndi kuperekeratu msonkho pang'onopang'ono, imene amaitcha provisional tax, yomwe imaperekedwa miyezi itatu iliyonse, pasanathe masiku 25 miyeziyo itatha, ndipo pofika kumapeto a chaka iyenera kukwana 90 pa 100 ya msonkho wanu wonse. Ine ndimalangiza kupatula gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama yotere tsiku lomwe yalowa, n'kuliika ku akaunti yomwe simuiyendera pafupipafupi.

Chaka chikatha mumapereka fomu yofotokoza zomwe mwapeza, imene amaitcha return, pasanathe masiku 180. Kuyambira mu 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March, ndiye ngati chanu chikutsatira chimenechi, fomuyo ikhale italowa September asanafike kumapeto. Mmenemo ndi momwe mumaonetsa masetifiketi aja kuti achotsedwe pa msonkho wanu. Munthu wokhulupirika pa zimenezi angathe kupempha Tax Clearance Certificate, setifiketi yosonyeza kuti za msonkho wake zili bwino, yomwe mabungwe ndi nthambi za boma amafuna asanapereke ntchito, ndipo m'tsogolo angapemphenso setifiketi yoti asamadulidwenso withholding tax polandira malipiro. Chaka chomwe ntchito inasowa, perekanibe fomuyo yosonyeza kuti simunapeze kanthu, chifukwa kungokhala chete kumabweretsa chindapusa pa TPIN yanu.