Kumanga slackline pamalo opanda mitengo

Anyamata amene mwagula kapena kupatsidwa lamba wa slackline uja, amene amakungidwa pakati pa malo awiri munthu nkumayendapo pamwamba, ndikudziwa vuto lanu ndi loti pagalaundi panu palibe mtengo olo umodzi woti nkumangapo, yonse inathera ku makala ndi kuotchera njerwa. Masewerawa anayambira ku Yosemite ku California cha m'ma 1980, anthu okwera mapiri ankangomanga malamba awo pakati pa mitengo ikuluikulu nkumayendapo, ndiye zida zambiri zimabwera ngati aliyense ali ndi mitengo iwiri pakhomo.

Choyamba chonde, musamange pa chipilala cha khonde, pa mpanda wa njerwa, pa polo la magetsi kapena pa magoli a mpira. Chipilala anachimanga kuti chinyamule denga kuchokera pamwamba, kuchikoka cha m'mbali chimagwa, ndipo chimagwera kwa amene ali pa lambayo. Munthu akamayenda pa lamba wokungika bwino mphamvu yokoka imatha kupitirira makilogalamu 300, ndiye kuti matumba 6 a chimanga akukoka mbali imodzi, akayamba kudumpha ndiye imakwera kwambiri. Kamtengo kakang'ono nakonso kasiyeni, thunthu lake lizikhala lonenepa masentimita 30 kupita mtsogolo poyeza mopingasa, ndipo muzikulunga chiguduli kuti khungwa lisasupuke.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi yokwirira chipika, anzathu amati deadman. Kumapeto onse awiri a lamba kumbani ngalande yopingasa ndi komwe lamba alowere, kuya kwake kuyandikire mita imodzi, makamaka ngati dothi ndi lamchenga. Mugonekemo chipika cholimba chotalika ngati mita, kapena paipi yachitsulo yokhuthala, mumangirire tcheni kapena chingwe cholimba pakati pake, chimenechi ndi chomangirako lamba. Apa mpamene ambiri amalakwitsa: kumbaninso kangalande kena kakang'ono kopendekeka kochokera pachipikapo kupita komwe lamba ali, kuti tcheni chituluke chopendekeka osati choimirira, chifukwa chikaimirira chimangozula chipika chija ngati chinangwa. Khoma la kutsogolo kwa dzenje musaligumule, dothi losakumbidwa lija ndi limene likugwira ntchito yonse. Pokwirira muzithira pang'ono nkusinja, kuthira nkusinja, osati kungokankhiramo ndi khasu kamodzi.

Tsono lamba ali pansi, afunika kukwezedwa. Khomani matabwa okhuthala ngati chilembo A mbali zonse ziwiri, lamba adutse pamwamba pake. Oyamba kumene kutalika kwake kulekeze m'mawondo, masentimita 40 kapena 50 basi, ndipo pakati pa ma A awiriwo pakhale mamita 5 mpaka 8. Chipika chikhale kumbuyo kwa A katatu kutalika kwa A-yo, mukachiyandikitsa kwambiri lamba amapanikiza matabwa pansi komanso amakokera chipika m'mwamba. Pansi pa miyendo ya A ikanipo thabwa kuti isamire, ndipo pomwe lamba akukhudza pasakhale msomali kapena ngodya yakuthwa.

Za ratchet, chitsulo chokungira lamba chija, chikathawa chimauluka ngati mwala wa pa legeni, ndiye muzichimangirira ndi chingwe china chapadera ku tcheni chija. Malamba omangira katundu pa lole okhala ndi mbedza kumapeto ine sindimawalola, mbedza imawongoka.

Mukamaliza kungani pang'onopang'ono wina akuyang'ana dothi la pachipika, likayamba kung'ambika kapena kutukumuka masulani mukumbenso mozama. Ana akhale patali nthawi imeneyi. Ayambe kukhalapo wamkulu wolemera, agwedeze ndithu, kenako ena. Mvula ikagwa usiku yesaninso m'mawa popeza dothi lonyowa siligwira, ndipo ngati munakwirira mtengo kumbukirani chiswe, mufukule muone pakatha miyezi ingapo. Lamba yekha madzulo azimasulidwa nkukasungidwa m'nyumba, dzuwa limamufooketsa.