Sensa ya oyilo inandinamiza

Mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Harare likuswa mtengo, nyali ya injini inangoyaka ndili pa Simon Mazorodze Road. Ndinaima pambali n'kusolola dipisitiki. Oyilo anali wokwanira bwinobwino, injini ikulira mwa masiku onse.

Ndinapita kwa amalume ku Highfield, omwe ali ndi kamakina ka OBD2, kowerenga zovuta zomwe kompyuta ya galimoto yapeza. Titalumikiza kanatulutsa khodi ya P0198, yoloza vuto ku sensa yoyeza kutentha kwa oyilo, n'kuonetsa kuti oyilo ali pa madigiri 40 pansi pa ziro. Amalume anaseka. "Mphwanga, oyilo angaundane kutentha konseku? Wabodza ndi sensa, apo ayi waya waduka."

Injini ikatentha, oyilo amakhala pa madigiri 90 mpaka 110. Sensa yotereyi mphamvu yake yotchinga magetsi imatsika kutentha kukamakwera, ndiye ikaduka m'kati kompyuta imaganiza kuti oyilo wazizira zedi.

Sindinathamangire kukagula ina, ndalama sizitoledwa. Tinayamba ndi waya. Nditazula pulagi, multimeter (choyezera magetsi) inaonetsa mavolti 5 ochokera ku kompyuta, kusonyeza kuti mbali imeneyo kulibe vuto. Sensayo tinaimasula n'kuiviika m'madzi otentha a m'ketulo ya azakhali (anang'ung'udza ndithu), koma manambala sanasunthe n'komwe. Inali itafa.

Yatsopano ndinaipeza mu Kaguvi Street, nditanyamula yakaleyo kuti ndifananize mazinga. Injini itazizira ndinaimanga ndi washa watsopano, osalimbitsa kwambiri poopa kuwononga mazinga a aluminiyamu. Oyilo anatayika pang'ono, ndinawonjezera. Tinafufuta khodi ija, ndipo pofika ku Mbare kamakina kankawerenga madigiri 96.