Momwe mungathandizire mnzanu wachikulire amene wapezeka ndi BP

Mnzanu akakuuzani kuti kuchipatala amupeza ndi BP, musathamangire kumulangiza. Mufunseni kaye ngati angafune kuti muzimuperekeza. Munthu amene wakhala akudziyendetsera zake kwa zaka 60 kapena 70 sakondwa kutengedwa ngati mwana, ndipo mukamukakamiza amayamba kukubisirani zinthu.

Akavomera, pitani naye kwa dokotala mutatenga kope. Lembani dzina la mankhwala, mamiligalamu ake, nthawi yomwera ndi tsiku lodzabweranso. Nyamulaninso mankhwala onse amene akumwa kale, ngakhale a mawondo. Mankhwala ochepetsa ululu monga ibuprofen ndi diclofenac amakweza BP komanso amavutitsa impso, koma achikulire ambiri amangowamwa tsiku ndi tsiku osawatchula n'komwe.

Makina oyezera BP gulani omanga pamwamba pa chigongono. Aja omanga ngati wotchi amanama kawirikawiri, ndipo lamba akachepa pamkono, manambala amakwera kuposa mmene zilili. Samalani ndi otchipa kwambiri amene amatsatsidwa pa intaneti opanda dzina la kampani; mukagula, kawayerekezeni ndi a kuchipatala. Poyeza akhale pansi mphindi 5, atatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, osalankhula. Yezani kawiri motalikitsa mphindi imodzi, m'mawa ndi madzulo, kwa masiku 7, n'kumalemba manambalawo m'kope muja. Manambala a kunyumba akamapitirira 135/85, kaonetseni kopelo kwa dokotala.

Pomwe zimavuta kwenikweni ndi pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Manambala atsika, thupi likumveka bwino, mnzanu uja akuti wachira, basi mankhwala wasiya. Komatu BP nthawi zambiri simveka m'thupi. Yatsika chifukwa cha mapiritsi omwewo, ndipo akawaleka imakweranso mwakachetechete, mwina n'kudzadziwika ndi sitiroko.

Kufunsa kuti "Kodi mukumwa mankhwala?" sikuthandiza, aliyense amayankha kuti eya. Funsani kuti, "Mankhwalawa akukuvutani pati?" Apo mpamene choonadi chimatulukira. Amlodipine amatupitsa akakolo. Enalapril amabweretsa chifuwa chouma chosatherapo. Hydrochlorothiazide amakodzetsa pafupipafupi, nchifukwa chake ndi bwino kumwa m'mawa, osati pogona. Mankhwala ena amachepetsa mphamvu za abambo m'banja, ndipo ili ndi vuto limene munthu amalolera kusiya mankhwala kusiyana n'kuliulula. Zonsezi dokotala angathe kuzikonza posintha mtundu kapena mlingo, choncho ntchito yanu ndi kuthandiza kuti dandaulolo likafike kwa iye, osati kuchepetsa mapiritsi nokha. Ngati amachita chizungulire podzuka, azikhala kaye m'mphepete mwa bedi mphindi imodzi asanaimirire, ndipo izinso zikanenedwe. Munthu wachikulire akagwa n'kuthyoka chiuno, kuchira kwake n'kovuta.

Pa nthawi yomweyi mpamenenso amatulukira ogulitsa timabotolo ndi maufa "ochotseratu BP". Aliyense wouza mnzanu kuti asiye mankhwala a kuchipatala akufuna ndalama zake, osati moyo wake.

Njira yachidule yodziwira zoona popanda kukangana ndi kabokosi ka mapiritsi ka zipinda 7. Muzidzaza limodzi kamodzi pa mlungu, zotsala zimaoneka zokha. Akaiwala kumwa, asaphatikize kawiri tsiku lotsatira.

Zina n'zodziwika: mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, yomwe ndi supuni yaing'ono imodzi, fodya aleke, mowa achepetse. Kuyenda mphindi 30 kumatheka mukamapita naye, osati kungomuuza.

Makina akaonetsa 180/120 kapena kuposa, pamodzi ndi mutu waukulu, kupweteka pachifuwa kapena kusaona bwino, thamangirani kuchipatala. Chimodzimodzi kamwa ikapindika, mkono umodzi ukafooka kapena mawu akayamba kusamveka, poti izi ndi zizindikiro za sitiroko. Lembani nthawi imene zayamba, ndipo musamupatse aspirin, chifukwa sitiroko ina imabwera mtsempha ukaphulika mu ubongo.