Akisileta ikamakakamira pa Land Rover yakale

Land Rover yanga ya Series III, ija inali ya asilikali, inayamba kulira yokha ngakhale nditachotsa phazi pa akisileta, ndili pamsewu wa ku Senga Bay. Musathamangire kumasula kabuleta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya), achimwene.

Zimitsani injini, tsegulani boneti. Mnzanu aziponda akisileta inu mukuyang'ana timikono tachitsulo topita ku kabuleta, ndipo pokakamira mupaona. Kwa ine vuto linali timfundo tozungulira tolumikiza timikonoto, titadzaza fumbi ndi dzimbiri la chinyezi cha kunyanja kuno. Tsukani ndi palafini ndi kaburashi, pukutani, donthezani oyilo pang'ono. Girisi ayi, amakola mchenga.

Onaninso sipuling'i yobweza akisileta. Yanga inali itatamuka, ndinakagula ina pa Kamuzu Road. Pondani akisileta kangapo, ibwerere yokha, musanalize injini.